Momwe mungadziwire ngati mwana wodwala chimfine ayenera kujomba kusukulu

Nyengo ya chimfine ikafika, kholo lililonse limadzuka tsiku lina n'kupeza mwana akutsokomola yunifolomu ili kale m'thupi, ndipo limayenera kugamula msanga ngati mwanayo anyamuke kapena abwerere kukagona. Ndalera ana atatu, ndipo nkhaniyi ndaigamula kambirimbiri, koma kamodzi ndinaphonya kwambiri, n'chifukwa chake ndikufotokoza m'mene ndimachitira masiku ano.

Choyamba, siyanitsani chimfine wamba ndi fuluwenza. Chimfine wamba chimabwera pang'onopang'ono, mamina amatuluka ndipo mwana amayetsemula, koma amadya ndi kusewera monga mwa masiku onse. Mwana wotere angathe kupita kusukulu. Fuluwenza imagwira mwadzidzidzi, moti mwana amene dzulo madzulo amathamanga pabwalo amadzuka thupi likutentha, mutu ukupweteka, m'thupi monse mukuphwanya, ndipo amakana ngakhale chakudya chimene amachikonda.

Chachiwiri, yezani kutentha kwa thupi ndi thermometer, musangodalira kugwira pamphumi. Kukafika madigiri 38 kapena kupitirira, mwana asapite kusukulu, ngakhale tsikulo kukhale mayeso. Mukayeza kukhwapa, dziwani kuti nambala imatsikirapo pafupifupi theka la digiri poyerekeza ndi kuyeza m'kamwa. Pogula chipangizochi musakopeke ndi kutchipa: ine ndinagulapo china kwa wogulitsa wa m'mbali mwa msewu, ndipo chinkaonetsa 36.5 kwa aliyense m'nyumba, wodwala ndi wabwinobwino yemwe. Gulani ku famase yovomerezeka, ndipo muchiyesere pa inu nokha musanachoke.

Chachitatu ndi pamene ine ndinagwa m'mbuna. Malangizo amene mabungwe ambiri a zaumoyo amapereka, kuphatikizapo CDC, bungwe la boma la America lolimbana ndi matenda, ndi akuti mwana abwerere kusukulu akatha maola 24 thupi lisanatenthenso, ndiponso osamwa mankhwala otsitsa kutentha. Mawu omalizawa ndi amene ndinawanyalanyaza. Mwana wanga wamkazi, ali ndi zaka 8, anatentha thupi usiku wonse, ndipo m'bandakucha ndinamupatsa paracetamol. Pofika nthawi yonyamuka thupi linali litazizira, maso atayera, iye akunena yekha kuti, "Amayi, ndachira, ndipite," ndipo poti inenso kuntchito kunali kosajombeka, ndinamuveka juzi n'kumuperekeza. Dzuwa lisanafike pamutu foni inalira, aphunzitsi akundiuza kuti mwana wagona padesiki akunjenjemera. Ndinamupeza atazyolika pabenchi panja pa ofesi, milomo itauma, chakudya chake chili chosatsegula m'chikwama. Patapita masiku awiri, mnzake amene ankakhala naye desiki imodzi anadwalanso, ndipo ndikakumana ndi mayi ake ndinkasowa poyang'ana.

Chimene sindinkamvetsa n'chakuti paracetamol sachiza fuluwenza, amangobisa kutentha kwa maola 4 mpaka 6, pamene vairasi ikupitiriza ntchito yake. Munthu wodwala fuluwenza amayamba kupatsira anzake kutatsala tsiku limodzi kuti zizindikiro zioneke, amapatsira kwambiri m'masiku 3 oyambirira, ndipo angapitirize mpaka masiku 5 kapena 7, ana aang'ono nthawi zina kuposa pamenepo. Choncho kawerengedwe kake ndi aka: lembani papepala nthawi imene mwapereka mankhwala komaliza, dikirani kuti mphamvu yake ithe, muyezenso, ndipo ngati thupi lili bwino, maola 24 aja ayambire pamenepo. Likatenthanso pakati pa nthawiyi, mumayambanso kuwerenga. Kunena mwachidule, mwana amene wamwa mankhwala otsitsa kutentha m'mawa uno, lero sapita kusukulu, kaya akuoneka wosangalala bwanji. Pepala lija ndimalimata pakhoma, chifukwa kholo limene lachezera usiku ndi mwana silikumbukira bwino nthawi.

Chachinayi, ngati mwana akusanza kapena akutsegula m'mimba, akhale kunyumba mpaka patatha maola 48 chilekereni, ndipo muzimupatsa madzi pafupipafupi ngakhale pang'onopang'ono, komanso ORS (mankhwala a mchere ndi shuga osungunula m'madzi, obwezeretsa madzi m'thupi) ngati alipo.

Pali zizindikiro zina zimene funso la sukulu silikhalaponso, chifukwa njira ndi ya kuchipatala nthawi yomweyo: kupuma mofulumira kapena mobanika, nthiti kulowa mkati popuma, milomo kusintha mtundu, kukomoka, kulephera kumwa, kusakodza kwa maola 8, kapena kufooka moti n'kovuta kumudzutsa. Samalaninso mwana akaoneka ngati wachira kenako n'kutenthanso thupi chifuwa chitakula, chifukwa chibayo nthawi zambiri chimalowa motero. Mwana wa mphumu, wa shuga kapena wa vuto la mtima apite kwa dokotala msanga, popeza mankhwala a fuluwenza monga oseltamivir amathandiza kwambiri akayambidwa m'maola 48 oyambirira. M'madera amene muli malungo, kutentha thupi kulikonse kumafuna kuyezetsa magazi tsiku lomwelo, musanagamule nokha kuti ndi chimfine.

Pa mankhwala, mlingo wa paracetamol uyendere kulemera kwa mwana monga zalembedwera pabotolo, osapitirira kanayi pa tsiku. Asipirini musamupatse mwana konse, chifukwa kwa ana odwala fuluwenza angayambitse matenda oopsa a chiwindi ndi ubongo otchedwa Reye's syndrome. Ogulitsa ena amakakamiza makolo kugula maantibayotiki popanda kalata ya dokotala, koma mankhwalawa sapha mavairasi, ndipo ndalama zanu zimangopita pachabe.

Zotsalazo n'zosavuta. Dziwitsani aphunzitsi m'mawa womwewo ndipo mupemphe ntchito imene anzake alemba. Chifuwa chikhoza kukhalapobe milungu iwiri mwana atachira, ndipo pachokha sichimuletsa kubwerera m'kalasi ngati akudya ndi kugona bwino. Mukumbutseni kutsokomolera m'chigongono ndi kusamba m'manja ndi sopo, ndipo kumene katemera wa fuluwenza amapezeka, mufunse za iye chaka chilichonse nyengoyi isanayambe.