Momwe mungasungire ulemu wanu pokayezetsa khomo la chiberekero

Amayi ambiri amazengereza kukayezetsa khansa ya khomo la chiberekero chifukwa cha manyazi ovula pamaso pa munthu wachilendo. Komatu kuyeza kwa VIA (kupaka viniga pakhomolo n'kuliona ndi maso), komwe kumachitika m'zipatala monga Zomba Central ndi Matawale, kumatha m'mphindi zochepa, ndipo zambiri za m'chipindamo mukhoza kuzilamulira nokha.

Choyamba, sankhani tsiku lomwe simuli kumwezi, chifukwa magazi amabisa khomolo. Sambani kunja kokha. Osatsuka m'kati ndi chala kapena kuikamo zitsamba: zimenezi zimatupitsa khungu la m'kati, kuyeza kumapweteka, ndipo zotsatira zimasokonekera. Valani siketi, mutenge chitenje chofunda ndi kabuku kanu ka kuchipatala. Musanalowe, kataye madzi. Chikhodzodzo chodzaza chimawonjezera ululu.

Lankhulani musanavule, pamene muli chikhalire pampando. Ngati mukufuna namwino wamkazi, nenani. Akakhala kuti palibe, pemphani mayi wina wogwira ntchito pompo akhale nanu. Muno mu Zomba muli sukulu ya zaumoyo, choncho ophunzira amapezeka m'zipinda zoyezera. Kuwakana ndi ufulu wanu, ndipo thandizo mulandirabe. Mawu ake ndi achidule: "Pepani anesi, ndikufuna tikhale awiri." Onetsetsani kuti chitseko chatsekedwa kapena katani yakokedwa.

Pabedi, fundani chitenje kuyambira m'chiuno. Namwino alowetsa kachipangizo kotchedwa speculum kuti aone khomolo. Apa m'pamene ambiri amalimbitsa ntchafu, ndipo minofu ikakungika kachipangizoko kamapweteka. Pumani pang'onopang'ono, kutulutsira mpweya kukamwa, matako ali phee pabedi. Kenako apaka viniga, adikire mphindi imodzi. Amanyereretsa pang'ono basi. Mukamva ululu weniweni nenani kuti "imani kaye", ayenera kuima. Amene anagwiriridwapo angathe kungouza namwino kuti achite mofatsa, popanda kufotokoza zambiri.

Zotsatira zimatuluka tsiku lomwelo. Valani kaye, muzimve muli pampando. Banga loyera lomwe viniga angaonetse pakhomolo silitanthauza kuti muli ndi khansa. Nthawi zambiri amaliwotcha ndi kachipangizo kotentha, kenako mumatuluka madzimadzi ndipo mumapewa kugonana pafupifupi milungu 4.

Wachipatala saloledwa kuuza amuna anu, apongozi kapena anthu a pamzere zomwe wapeza. Wina akakunyozani kapena kuulula chinsinsi chanu, lembani tsiku ndi chipinda chake, mukadandaule kwa ombudsman (wolandira madandaulo) wa pachipatalapo kapena ku bungwe loyang'anira anamwino ndi azamba la Nurses and Midwives Council of Malawi.