Digiri ya jenda muli nayo, nanga ntchito muyisake kuti mu Blantyre muno?

Malangizo awa ndi a inu amene munamaliza maphunziro a jenda ndi chitukuko, kaya ku Chanco ku Zomba kaya ku Bunda, ndipo pano mwabwerera kwa makolo ku Ndirande, ku Bangwe, ku Chilomoni kapena ku Machinjiri. Ambiri mwa inu ntchito mukuyisaka pamalo amodzi okha. Mumatsegula The Nation kapena The Daily Times n'kumayendetsa chala kufuna pamene alemba kuti Gender Officer, mukapasowa mwatseka, basi sabata ino kulibe. Mipando ya dzina limeneli ndi yowerengeka, ndipo ikatuluka amafuna munthu amene wagwirapo kale ntchito zaka zingapo. Koma zimene munaphunzira zija mabwana akuzifuna ndithu, kungoti amazilengeza ndi mayina ena monga Safeguarding Officer, Protection Officer, Case Worker, Community Liaison Officer, Field Facilitator kapena Research Assistant. Musamalekere pamutu. Tsikani m'munsi pamene afotokoza zimene munthuyo azikachita tsiku ndi tsiku. Mukaona zokambirana ndi mafumu, zolandira madandaulo, zotsata milandu ya nkhanza kapena zolemba malipoti a kumudzi, ntchitoyo ndi yanu, funsirani.

Tisabisane pa za mabungwe. Mu January 2025 boma la America linaimitsa thandizo lake kumayiko akunja, ndipo mapulojekiti ambiri a USAID anatsekedwa, kuno kwathu komwe. Anthu amene anali ndi zaka khumi pa ntchito anabwerera paulova, ndipo lero akulimbirana nanu mipando yomwe kale sakanayicheukira n'komwe. Mabungwe oona za ufulu wa amayi monga WOLREC ndi WLSA alipobe muno mu mzinda, YONECO yoona za achinyamata ndi ana ili ku Zomba, ndipo n'koyenera kumawatsata. Koma amene wakhala pansi kudikira bungwe lokha, galimoto yoyera ndi alawansi, adikira nthawi yaitali.

Khomo limene achinyamata ambiri a jenda saliganizira ndi la makampani. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limati kuvutitsa munthu pa nkhani zogonana ndi mlandu, chilango chake ndi chindapusa cha K1,000,000 ndi ndende zaka 5, ndipo limafuna kuti olemba anthu ntchito akhale ndi ndondomeko yolembedwa yothana ndi khalidweli. Mafakitale a ku Makata ndi ku Chirimba, mabanki a mu Victoria Avenue, makampani a alonda, masukulu a anthu wamba, onsewa lamuloli likuwakhudza. Ndondomekoyo ena ali nayo koma ili m'kabati, ogwira ntchito sanayimvepo. Pafunika munthu woti ayilembe m'mawu omveka, ayimasulire m'Chichewa, aphunzitse komiti yolandira madandaulo, ndiponso aonetsetse kuti mayi wodandaula asamakanene kwa bwana yemweyo amene akumuvutitsa. Ku Thyolo ndi ku Mulanje nkhaniyi anayimva kuwawa kwake pamene madandaulo a amayi ogwira ntchito m'minda ya tiyi anakafika kukhoti ku London, ndipo chiyambire pamenepo za chitetezo cha amayi m'maesiteti sazitenganso mwachibwana. Chimodzimodzi mapulojekiti a misewu, madzi ndi ulimi wothirira amene ndalama zake zimachokera ku World Bank, monga Shire Valley Transformation Programme ya ku Chikwawa ndi Nsanje: kontirakita amayenera kukhala ndi anthu oona za umoyo wa anthu ozungulira, nkhanza, ndi madandaulo a eni malo. Mipando imeneyi nthawi zambiri imalengezedwa ndi kampani yomanga, pakati pa mipando ya mainjiniya ndi oyendetsa mathirakitala, tsamba limene inu mumalidumpha.

Kuti mulowe pakhomo limeneli, malamulo muwadziwe ngati mmene mlimi amadziwira munda wake, pamene pali chulu ndi pamene madzi amaima. Pa intavyu sadzakufunsani mayina a akatswiri a kunja amene munawaloweza pokonzekera mayeso. Adzakuuzani kuti mayi wabwera ku ofesi, mwamuna wake wamwalira, achibale a mwamunayo atenga makiyi a nyumba ku Chirimba, mutani? Wokonzeka amayankha kuti kulanda chuma cha masiye ndi mlandu pansi pa Deceased Estates Act ya 2011, natchula kumene angamuperekeze mayiyo: ku Victim Support Unit ya polisi, kwa DC, kapena ku Legal Aid Bureau. Akakufunsani za mayi amene akumenyedwa koma alibe kothawira ndi ana, mutchule Prevention of Domestic Violence Act ya 2006, kuti khoti likhoza kupereka chiletso choteteza mayiyo, ngakhalenso kulamula kuti wankhanzayo ndiye atuluke m'nyumba. Za maukwati a ana, lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko kuti aliyense wosafika zaka 18 ndi mwana, mpata wolowa m'banja mwana asanafike zakazi pa chilolezo cha makolo unatsekedwa. Onjezerani Child Care, Protection and Justice Act ya 2010, Trafficking in Persons Act ya 2015, ndi za tchuthi cha uchembere cha masabata 8 mu Employment Act. Malamulowa amapezeka ulere pa intaneti pa MalawiLII. Musangowerenga chidule cha m'timabuku ta mabungwe ayi, tsitsani lamulo lenilenilo, muziwerenga gawo limodzi pa tsiku, kenako muyese kulifotokozera agogo kapena mayi ogulitsa mandasi pafupi nanu. Akamva iwo ndiye kuti mwalidziwa. Nambala za ulere za 116 ya ana ndi 5600 ya nkhanza zikhale pamlomo.

Khomo lina ndi la kafukufuku, ndipo pa ichi Blantyre ndi wamwayi. Pafupi ndi chipatala cha Queens pali Malawi Liverpool Wellcome Programme ndi KUHeS, ku Chichiri kuli MUBAS, ndipo ku Zomba, ulendo wa ola limodzi ndi pang'ono, kuli Centre for Social Research ndi National Statistical Office. Onsewa amalemba anthu a kanthawi okafunsa mafunso m'midzi ndi m'makwalala. Ena amanyoza kuti ndi ganyu. Inde ndi ganyu, wa masabata ochepa mwina, koma ndi momwe ambiri amene lero ndi akuluakulu a mapulojekiti anayambira. Chimene amayang'ana si digiri yokha, ndi luso la manja. Phunzirani KoboToolbox kapena ODK, zotolera mayankho pa foni ndi pa tabuleti. KoboToolbox mukhoza kutsegula akaunti yaulere lero lomwe, n'kupanga fomu ya mafunso khumi, n'kukafunsa amayi a banki m'khonde a m'dera lanu atavomera, mayankho n'kuwatsitsira mu Excel. Mukatero muli ndi chinthu choonetsa, osati kungolemba pa CV kuti kompyuta mumaidziwa. SPSS kapena Stata, mapulogalamu osanthulira manambala a kafukufuku, ikabwera pamwamba pake ndi bwino, koma Excel muyambe mwaigwira zolimba.

Luso lina limene limasowa, ndipo ine ndimadabwa kuti achinyamata saliona ngati ndalama, ndi kumvetsera zokambirana zojambulidwa m'Chichewa n'kuzilemba mawu ndi mawu, kenako kuzimasulira m'Chingerezi. Ola limodzi la zokambirana za gulu likhoza kukudyerani tsiku lathunthu. Amayi amalankhulira pamodzi, mwana akulira, wina akuseka, ndipo pa nkhani za m'banja anthu sanena mwachindunji, amazungulira. Mayi akati bambo masiku ano sakulowa m'nyumba, womasulira wosadziwa alemba za chitseko. Inu amene munaphunzira jenda ndipo munakulira momwemo mumamva chimene chikunenedwa. Amene ali ndi Chiyao, Chilomwe kapena Chisena alembe zimenezo pamwamba penipeni pa CV, chifukwa kafukufuku wa ku Mangochi, ku Phalombe ndi ku Nsanje amakonzedwera muno.

Tsono funso limene mumandifunsa kawirikawiri: akufuna wodziwa kale ntchito, ine ndiidziwire kuti? Pitani ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu ya boma la Blantyre, ku ofesi ya jenda ya khonsolo, ku Victim Support Unit ya polisi ya kwanuko, kapena ku Chikwanekwane ku Queens, kumene wochitiridwa nkhanza amapeza dokotala, wapolisi ndi mlangizi pamalo amodzi. Musapite chimanjamanja n'kukati ndikufuna chilichonse. Lembani kalata yaifupi, munene kuti mukupempha kuthandiza mongodzipereka kwa miyezi 3 kapena 6, masiku akutiakuti pa sabata, pa ntchito yakutiyakuti. Malire amenewa ndi ofunika, chifukwa pali malo ena amene wodzipereka amamugwiritsa ntchito zaka, ya thiransipoti akudzilipirira yekha, mpaka nsapato kutha. Sankhani malo oyandikira kwanu oti mukhoza kuyenda pansi. Sungani kope lolembamo zimene mwachita tsiku lililonse, popanda mayina a anthu, ndipo musanachoke pemphani kalata ya umboni yokhala ndi chidindo. Amene munathandizapo m'misasa namondwe Freddy atagwetsa matope ku Chilobwe ndi ku Soche mu March 2023, kaya polemba mayina, kaya poonetsetsa kuti amayi ndi atsikana ali ndi pogona ndi posamba pawokha, imeneyo ndi ntchito ya chitetezo cha anthu pa ngozi zogwa mwadzidzidzi. Ambiri simuilemba poganiza kuti sinali ntchito popeza simunalipidwe. Ilembeni.

Pano ndichenjeze mwamphamvu. Chinsinsi ndiye mtima wa ntchito imeneyi. Kujambula mwana wogwiriridwa kapena mayi wotupa nkhope n'kuika pa Facebook kapena pa WhatsApp kuti anthu aone kuti muli pa ntchito, kumeneko n'kudzitsekera khomo nokha. Olemba ntchito amayang'ana masamba anu, ndipo mabungwe ambiri amafunanso chikalata cha polisi chotsimikiza kuti mulibe mlandu.

CV isapitirire masamba awiri. Chotsani mzere uja wakuti ndinu wolimbikira, woopa Mulungu ndi wotha kugwira ntchito ndi anzanu, aliyense amalemba zomwezo. M'malo moti "ndinathandiza pa nkhani za jenda ku bungwe la m'dera", nenani kuti munatsogolera zokambirana zingati, ndi magulu ati, ku dera la mfumu iti, ndipo chinatsatira n'chiyani, monga atsikana amene anabwerera kusukulu mogwirizana ndi gulu la amayi a pasukulupo. Manambala akhale oona, chifukwa adzaimbira foni amene munawatchula. Kafukufuku wanu wa chaka chomaliza asakhale mutu chabe, onjezerani mizere iwiri ya kumene munapita, anthu amene munawafunsa ndi chimene munapeza. Kalata yofunsira ntchito izisintha malinga ndi mpando. Fayilo muitumize ngati PDF yokhala ndi dzina lanu, ndipo imelo ikhale ya dzina lenileni, osati la pa bawo.

Za boma sinditalikitsa. Mipando ya m'maunduna imadzera ku Civil Service Commission, ya m'makhonsolo ku Local Government Service Commission, ndipo kuli ndondomeko ya boma yotumiza omaliza maphunziro kukaphunzira ntchito m'maofesi kudzera ku unduna wa zantchito. Lamulo la 2013 lija limati polemba anthu m'boma, amuna kapena akazi asachepere 40 pa 100 alionse ndipo asapitirire 60. Funsirani ndithu, koma zimachedwa, ndipo pa mipando ya kumudzi mudzapikisana ndi anzanu a ku koleji ya zachitukuko cha m'midzi ya Magomero ku Chiradzulu, amene mwina alibe digiri koma kuyendetsa msonkhano pansi pa mtengo amakudziwa bwino. Mukatumizidwa ku Neno kapena ku Nsanje musakane chifukwa chozolowera Limbe. Achimwene amene munaphunzira jenda, anzanu akamakusekani kuti munatenga maphunziro a azimayi asiyeni, mapulojekiti ambiri tsopano amafuna amuna oti azikambirana ndi amuna anzawo, mafumu ndi atsogoleri a mipingo, ndipo ofunsira amakhala ochepa.

Akuba nawo akudziwa kuti muli ndi njala ya ntchito. Uthenga wa pa WhatsApp wonena kuti mwasankhidwa koma mutumize ndalama ya fomu, ya yunifolomu kapena ya kuchipatala pa Airtel Money kapena Mpamba, umenewo ndi utambwali. Bungwe lenileni sililipiritsa wofunsira ntchito. Mukakayika dzina la bungwe, fufuzani ku NGORA, ofesi ya boma yoyang'anira mabungwe, kapena ku CONGOMA, mgwirizano wa mabungwewo, ngati linalembetsedwa. Ndipo achemwali, bwana akakuitanirani intavyu kumalo ogona alendo madzulo, kapena akayamba za tionane kaye, musafufute mauthengawo. Lamulo limene mukuphunzira kuti mukatetezere ena likutetezanso inu, ndipo Malawi Human Rights Commission, imene ili ndi ofesi muno mu Blantyre, ndiyo inapatsidwa udindo woona kuti likutsatidwa.

Nyengo nayo muziitchera khutu. Masiku 16 olimbana ndi nkhanza amayamba pa 25 November kufika pa 10 December, ndipo tsiku la amayi pa dziko lonse ndi 8 March. Mabungwe, makampani ndi mipingo amakonzekera zimenezi kukadali milungu ingapo, ndipo ndi pamene amasowa manja: wolemba uthenga wa pa wailesi m'Chichewa, wotsogolera zokambirana, wolemba lipoti la msonkhano. Choncho makalata anu afike mu September kapena kumayambiriro kwa October, ndi mu January pokonzekera March. Amene akufuna kumagwira maganyu oterewa payekha apite ku MRA akatenge TPIN, nambala ya wokhoma msonkho, chifukwa ofesi zambiri sizilipira munthu wopanda nambala imeneyi, ndipo mtengo ndi tsiku lolipira mugwirizane polemba musanayambe ntchito.