Momwe mungabwerekanirane zida pa shedi ya gulu popanda kukhumudwitsana

Makina owotcherera zitsulo, galayinda (chida chodulira ndi kusalazira zitsulo) kapena makina osokera amagetsi si zinthu zoti wachinyamata amene wangomaliza maphunziro a TEVETA angagule yekha. N'chifukwa chake mu Lilongwe muno, kaya ndi kwa akalipentala a ku Mchesi kapena amakaniko a ku Biwi, kubwerekana zida n'kwa tsiku ndi tsiku, ndipo ena amasonkherana n'kumagwirira ntchito pa shedi imodzi. Chimene chimapasula magulu otere kawirikawiri ndi khalidwe la pa makina. Nazi zoyenera kutsata.

1. Perekani moni, kenako funsani

Makina akakhala chete sindiye kuti mnzanu watsiriza. Mwina wangothamangira misomali. Funsani kaye: "Achimwene, mwathana nayo galayindayi?" kapena "Mayi, ndingakhalepo pamakinapa?" Thabwa, chitsulo kapena nsalu ya mwini musaisunthe iye kulibe, chifukwa mukhoza kumusokonezera muyezo.

2. Lembetsani nthawi m'kope

Pakhale kope limodzi lolembamo dzina, makina ndi nthawi. Apa m'pamene mikangano yambiri imayambira, makamaka magetsi akathima. Munthu analembetsa 9 koloko, magetsi athima 9:20, abwera 2 koloko masana, nthawi imene wina analembetsa. Ayambe ndani? Gwirizanani zimenezi zisanachitike. Ine ndimaona kuti chilungamo n'chakuti amene anadukizidwa amalize kaye, ena onse asunthire kutsogolo. Ngati muli ndi oda yachangu, monga diresi la chinkhoswe cha Loweruka, pemphani mwaulemu kwa amene ali patsogolo panu. Akakana, musamusungire chakukhosi, nayenso kasitomala wake akudikira.

3. Zimene zimatha muzibwera nazo

Marodi owotcherera, madisiki a galayinda, singano, ulusi ndi sandipepa aliyense agule zake. Mukabwereka, bwezani za mtundu womwewo. Za mayunitsi a ESCOM, sonkhani kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba kuti umboni ukhalepo, koma musagawane mofanana. Makina owotcherera amadya magetsi ambiri kuposa makina osokera, ndiye si bwino telala kulipirira wowotcherera.

4. Tetezani amene ali pafupi nanu

Chida chimene simunaphunzire musayatse. Kunena kuti "Bambo, tandionetsani" sikuchotsa ulemu wa munthu. Musanayambe kuwotcherera, chenjezani anthu mokweza kuti atembenuke. Kuwala kuja kumapsereza maso ngakhale a munthu wongodutsa, ndipo ululu wake umayamba patapita maola angapo, munthu ali kale kunyumba, m'maso mukumveka ngati mwalowa mchenga. Chotchingira disiki ya galayinda musachotse, ngakhale muone ena akutero, chifukwa disiki ikasweka zidutswa zake zimaulukira aliyense. Moto wothetheka usayang'ane kumene kuli utuchi, nsalu kapena petulo.

5. Chikawonongeka, nenani pompopompo

Pa mfundo zonsezi, iyi ndiyo yaikulu. Zida zimatha, ndipo palibe wanzeru amene angakudeni chifukwa singano yathyoka kapena lamba waduka. Chopweteka n'kubweza chida chowonongeka mwakachetechete. Wobwera pambuyo panu amanamiziridwa, kapenanso kuvulala. Taganizani waya wosendeka pa magetsi a mavoti 230, mnzanu n'kuugwira osadziwa kanthu. Choncho zulani pulagi, matani pepala lolembedwa kuti "Chawonongeka, musayatse", lembani m'kope, ndipo uzani woyang'anira shedi maso ndi maso. Ngati cholakwa chili chanu, nenani tsiku limene mupereke ndalama yokonzetsera, ngakhale mutamalipira pang'onopang'ono. Nanunso a gulu, munthu akaulula musamunyoze pagulu, chifukwa mawa wina adzabisa.

6. Siyani pamalo pali bwino

Lekani ntchito kutatsala mphindi 10 kuti nthawi yanu ithe. Sesani utuchi ndi tizitsulo, pukutani makina, kulungani waya, sipanala ndi tepi zibwerere pamalo pake. Ngati munasintha china pa makina, monga kukula kwa masititchi kapena mphamvu ya moto wowotcherera, bwezerani mmene munapezera kapena muuzeni wolowa m'malo mwanu. Chida cha gulu chisatuluke pa geti popanda kulembetsa m'kope, ngakhale mukukhala nyumba yoyandikana ndi shediyo.