Kusintha gasiketi ya hedi pa injini ya Briggs & Stratton ya kathirakitala kotchetchera kapinga

Injini za Briggs & Stratton Intek za silinda imodzi, monga ya 17.5 HP, zili ndi malo amodzi ofooka: kampata kapakati pa silinda ndi ngalande ya ma pushrod (timitengo tachitsulo tokankha mavalavu kuti atseguke). Pamenepo mabawuti ndi otalikirana, ndiye gasiketi, yomwe imatseka mpata wa pakati pa silinda ndi hedi (chivundikiro cha silinda chokhala ndi mavalavu), imapsa n'kubooka. Mpweya wa mu silinda umathawira kunsi kwa injini n'kukankhira oilo mu paipi ya breather (yotulutsira mpweya wa kunsiko) mpaka ku kabuleta. Zizindikiro zake ndi utsi wambiri wotuwa, oilo kutha msanga, fyuluta ya mpweya kunyowa, ndiponso kautsi kotuluka mukazula dipstick (choyezera oilo) injini itangozima. Ambiri amathamangira kunena kuti ma ring a pisitoni atha, chonsecho vuto ndi gasiketi yotchipa.

Dikirani injini izizire. Zulani waya wa pulagi ndi wa negativu wa batire. Chotsani chivundikiro cha pamwamba, ekizosi, paipi yochokera ku kabuleta ndi kava ya mavalavu. Masulani ma rocker (tizitsulo tolumikiza ma pushrod ndi mavalavu) n'kusolola ma pushrod awiriwo, koma musawasokoneze: wachitsulo ndi wa ekizosi ndipo amakhala pamwamba, wa aluminiyamu ndi wa intake (valavu yolowetsa mpweya ndi petulo), pansi. Timakapu tating'ono tili kunsonga kwa mavalavu timasowa mosavuta, tisungeni m'kachitini. Kenako masulani mabawuti 8 a hedi.

Ntchito yeniyeni ili pa kuyeretsa. Palani zotsalira za gasiketi ndi kachipalo ka pulasitiki. Sikuludiraiva imakanda aluminiyamu, ndipo mkando umodzi ndi wokwanira kuti mpweya upezenso njira. Yalani sandipepa ya 400 pa galasi lokhuthala, muidonthezere madzi pang'ono, n'kumakhutiza hedi mozunguliza ngati mukulemba 8. Pomwe pakhala pakuda pena ponse patawala, ndiye kuti hedi ndi yopindika pamenepo. Pitirizani mpaka nkhope yonse iwale mofanana. Yeretsaninso mabowo a mabawuti, chifukwa oilo kapena zinyalala zikatsalamo, torque wrench (sipanala yoyeza mphamvu yomangira) imakunamizani kuti mwamanga pomwe simunamange.

Gasiketi yatsopano iikeni youma, osapaka silikoni. Mangani mabawuti modumphadumpha, uku ndi uku, kuyambira apakati, m'magawo atatu pa torque wrench: 8 Nm, 16 Nm, kenako 25 Nm. Kumanga ndi sipanala wamba mongoganizira ndiko kumapindikitsa hedi.

Bwezerani ma pushrod ndi ma rocker, muonetsetse kuti akhala bwino m'malo mwake. Zungulizani injini mpaka pisitoni ifike pamwamba mavalavu onse ali otseka, muipitirize itsike mamilimita 6. Apo m'pomwe mumayezera mpata wa pakati pa rocker ndi valavu ndi feeler gauge (timasamba tachitsulo toyezera mpata): intake 0.10 mm, ekizosi 0.15 mm. Mpata wa intake ukakula, kachipangizo kochepetsa kompuresheni polizira sikagwira, ndipo sitata imalephera kutembenuza injini ngati kuti batire lafa.

Musanavundikire, chotsani udzu wouma ndi zisa za makoswe zomwe zimadzaza m'zipsepse zoziziritsira silinda. Injini imeneyi ilibe madzi, imadalira mphepo basi, ndipo zipsepse zikatsekeka imatentha n'kuotchanso gasiketi yatsopanoyo. Thirani oilo watsopano, ikani fyuluta ina. Mukailiza injini idzayamba yatulutsabe utsi kwa mphindi zingapo, oilo wotsalira mu ekizosi akupsa, kenako utsiwo udzatha.