Mmene mungajambulire masamba osintha mtundu ndi foni kuno ku Chipata

Mwafunsa ngati kuno n'kotheka kujambula masamba ofiira ndi achikasu onga amene amaoneka ku Ulaya mu October, mitengo ikamayoyola. N'kotheka ndithu, koma nyengo yathu ndi ina. Mitengo ya tsanya ya kuchigwa cha Luangwa imachita chikasu n'kufiirira m'chilimwe, pomwe miombo ya m'mapiri ozungulira Chipata imaphuka masamba ofiira kumapeto kwa August ndi mu September. Ngakhale mtengo wa mango wa pakhomo umatulutsa nsonga zofiirira zoyenera chithunzi.

Choyamba, pukutani galasi la kamera ndi kansalu kofewa, chifukwa fumbi la chilimwe limachititsa chithunzi kuoneka ngati chili mu nkhungu. Kenako tulukani m'mawa dzuwa litangotuluka, kapena madzulo lisanalowe, popeza dzuwa la masana limazimiriritsa mitundu.

Chofunika koposa ndi poimirira. Imani moti dzuwa likhale kuseri kwa tsamba, kuwala kudutse m'kati mwake, ndipo mudzaona timitsempha take tonse tikuonekera bwino. Yandikirani ndi miyendo m'malo mokoka chithunzi ndi zala, gusani tsambalo pa sikirini kuti lioneke lakuthwa, kenako chepetsani kuwala pang'ono kuti kufiira kukhwime.

Mphepo ya mu August imavuta, choncho dikirani ikhale bata ndipo mujambule kangapo. Musachotse njinga, mpanda wa udzu kapena tsache loyedzamira khoma, pakuti zimenezi ndizo zimasonyeza kuti chithunzicho n'cha kwathu.