Kukonza kafukufuku wa zinki ndi mafuta a m'thupi mwa mbewa zonenepa

Kafukufukuyu amayerekeza magulu a mbewa olandira zinki yochepa, yokwanira ndi yochuluka (zinki ndi mchere womwe thupi limafuna pang'ono chabe), kuti aone mmene zinkiyo imakhudzira mafuta a m'thupi. Musanagule chakudya kapena kukonza makola, sankhani mtundu wa mbewa. Mbewa za ob/ob, zomwe zinapezeka ku Jackson Laboratory, malo ofufuzira a ku Maine m'dziko la America, mu 1949, zimanenepa chifukwa matupi awo sapanga leptin yogwira ntchito, homoni yomwe imauza ubongo kuti mafuta akwana m'thupi. Mbewa wamba za C57BL/6J zimanenepa mukazidyetsa chakudya chomwe 45 kapena 60 peresenti ya mphamvu zake imachokera ku mafuta. Kunenepa kwa magulu awiriwa sikofanana, choncho musawaphatikize powerengera. Pezaninso chilolezo cha komiti yoona za kasamalidwe ka nyama zofufuzira.

Chakudya cha AIN-93G, chokonzedwera mbewa zofufuzira, chomwe ofufuza ambiri amayambira, chimakhala ndi zinki pafupifupi mamiligalamu 30 pa kilogalamu. Pokonza chakudya chosowa zinki, chotsani casein, puloteni wa mu mkaka, pakuti ali ndi zinki, ndipo muikemo choyera cha dzira. Koma muwonjezere vitamini wotchedwa biotin, chifukwa choyeracho chili ndi avidin, puloteni yemwe amamanga vitamini ameneyu n'kulepheretsa thupi kumuyamwa. Gulu lolandira zinki yochuluka muliyeze kopa, popeza zinki ikachuluka imalepheretsa matumbo kuyamwa kopa.

Zinki imalowa m'thupi mwa mbewa mwakachetechete kudzera m'zinthu zomwe munthu sangaziganizire. Chitsulo chokutidwa ndi zinki ngati malata chisapezeke m'khola, zotsekera mabotolo za labala zipewedwe, ndipo madzi akumwa akhale ochotsedwa mchere wonse.

Mfundo yofunika kuposa zonse ndi iyi: mbewa yosowa zinki ikhoza kutaya chilakolako cha chakudya. Ikaonda, simungadziwe ngati chachititsa ndi zinki kapena kudya pang'ono. Pachifukwa ichi pakhale gulu lina lolandira chakudya cha zinki yokwanira, koma muyezo wake tsiku lililonse ukhale wofanana ndi womwe gulu losowa zinki linadya dzulo lake. Ntchitoyi ndi yotopetsa, chifukwa imafuna kuyeza chakudya chotsala ndi chomwazika m'mawa uliwonse, komabe kafukufuku wopanda gulu limeneli ine sindingamukhulupirire.

Sikelo yokha sikuuzani za mafuta. Mu 1996 ofufuza a ku Taiwan analengeza kuti zinki yowonjezera inachulutsa mafuta m'matupi a mbewa zonenepa, ndipo kusintha kotere kumaoneka bwino mukayeza mafutawo paokha, ndi makina a EchoMRI kapena DEXA, kenako n'kuyeza kulemera kwa mafuta a m'mimba kafukufuku akatha. Yezaninso shuga ndi insulin, popeza kapamba amasunga insulin pamodzi ndi zinki. Potenga magazi gwiritsani ntchito timachubu topanda zitsulo, ndipo mutaye sampulo iliyonse yomwe maselo ofiira aphulika, chifukwa zinki ya m'maselomo imakweza chiwerengero. Sunganinso fupa la ntchafu, pakuti limasonyeza bwino zinki yomwe mbewa inalandira kwa nthawi yaitali.