Momwe mungachepetsere zomwe foni yanu imaulula za inu

M'mwezi wa June 2013, nyuzipepala ya The Guardian inasindikiza chikalata cha khothi lachinsinsi la ku America chomwe chinkalamula kampani ya mafoni ya Verizon kuti tsiku lililonse izipereka ku bungwe la ukazitape la NSA mndandanda wa mafoni omwe makasitomala ake aimba. Chikalatacho chinali chimodzi mwa zambiri zomwe Edward Snowden, yemwe ankagwira ntchito za NSA, anatulutsa poyera, ndipo chodabwitsa chinali chakuti boma silinkapempha mawu omwe anthu ankalankhulana. Linkangofuna kudziwa kuti ndani waimbira ndani, nthawi yanji, ndipo alankhula kwa mphindi zingati. Akatswiri amazitcha zimenezi metadata. Amene akuziona ngati zachabechabe aganizire za munthu amene waimbira chipatala cha khansa, kenako mkazi wake, kenako loya, onsewa m'ola limodzi. Munthu ameneyu wafotokoza kale nkhani yake yonse ngakhale palibe amene wamva liwu lake.

Ine ndimakhulupirira ndi mtima wonse kuti kusunga chinsinsi si chizindikiro chakuti munthu akubisa choipa. Namwino, mtolankhani, mlangizi wa mabanja ndi mtsogoleri wa ogwira ntchito amanyamula m'foni nkhani za anthu ena, ndipo foniyo ikaulula, ovulala si iwo okha. Koma ndinenenso poyambirira pomwe kuti palibe njira yobisaliratu. Foni iliyonse yomwe ili ndi simu ndipo yayatsidwa imalumikizana ndi nsanja ya netiweki yomwe ili pafupi, motero kampani ya mafoni imadziwa dera lomwe muli, kaya mwatseka GPS kapena ayi. Zomwe zikutsatirazi n'zochepetsa zomwe mukutaya, ndipo ndaziyala kuyambira pa zofunika kwambiri.

Choyamba, dziwani amene mukudzitchinjiriza kwa iye

Musanakhudze foni, khalani pansi ndi kuyankha mafunso atatu: m'foni yanga muli chiyani chomwe chingandipweteke kapena kupweteka wina chitatuluka, ndani angachifune, ndipo ali ndi mphamvu zotani? Wakuba wa mumsewu, mnzanu wansanje amene amadziwa nambala yanu yachinsinsi, kampani yotsatsa malonda ndi bungwe la boma ndi adani osiyana, ndipo chomwe chimaletsa mmodzi sichiletsa winayo. Anthu ambiri amaopa akazitape apamwamba pomwe amene akuwerenga mauthenga awo akugona m'nyumba yomweyo.

Chachiwiri, tsekani foni ndi simu

Ikani nambala yachinsinsi ya manambala 6 kapena kuposerapo, yosakhudzana ndi chaka chanu chobadwa. Kutsegula ndi chala kapena nkhope n'kofulumira, koma chala chingathe kugunditsidwa pa foni mokakamiza kapena muli mtulo, pamene nambala ili m'mutu mwanu mokha. Ngati mukupita komwe mukuganiza kuti foni ingalandidwe, izimitseni, chifukwa ikayatsidwanso siivomera chala mpaka wina atalemba nambala. Mu Settings sankhani kuti mauthenga asamaoneke pa galasi foni ili yotseka, ndipo ikani PIN pa simu kuti wakuba asangoizula ndi kuiika m'foni ina.

Chachitatu, musazengereze pa ma update

Pano ndi pomwe ambiri amanyozera, pomwe ndi pamene pali chitetezo chenicheni ku ukazitape wamakono. Kampani ya ku Israel ya NSO Group imapanga pulogalamu yotchedwa Pegasus yomwe imagulitsa ku maboma, ndipo ikalowa m'foni imatha kuwerenga mauthenga, kutenga zithunzi, ndi kuyatsa maikolofoni ndi kamera mwini wake osadziwa. M'chaka cha 2019 WhatsApp inasumira kampaniyi ponena kuti anthu pafupifupi 1,400 anawukiridwa kudzera m'bowo lomwe linali mu pulogalamu yoimbirana, ndipo munthu sankafunika ngakhale kuyankha foniyo kuti kazitapeyo alowe. Mu 2021 gulu la atolankhani lotsogozedwa ndi Forbidden Stories, mothandizana ndi Amnesty International, linafufuza mndandanda wa manambala oposa 50,000 omwe akuti anasankhidwa ndi makasitomala a kampaniyi, ndipo pa mndandandawo panali atolankhani, omenyera ufulu wa anthu ndi atsogoleri a mayiko. NSO Group imanena kuti pulogalamu yake ndi yolimbana ndi zigawenga ndi achifwamba, koma ofufuza a Citizen Lab ku University of Toronto aipeza mobwerezabwereza m'mafoni a anthu omwe mlandu wawo ndi kulemba ndi kulankhula basi.

Mapulogalamu otere amalowera m'mabowo omwe opanga foni sanawadziwe, ndipo update iliyonse yachitetezo ndi chigamba pa bowo lomwe ladziwika. Choncho lolani foni kuti izidzikonza yokha, ndipo chitani chimodzimodzi ndi mapulogalamu onse. Foni yakale yomwe opanga anasiya kuitumizira zigamba siyenera kusunga zinsinsi za ntchito. Amene ali ndi iPhone ndipo ntchito yake ingakope akazitape ayatse Lockdown Mode, yomwe Apple inayambitsa mu 2022, ngakhale imachepetsa zina zomwe foni imachita.

Chachinayi, chepetsani odziwa komwe muli

Pa zonse zomwe foni imaulula, malo ndiwo amandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa munthu angasinthe dzina, nambala ndi chithunzi, koma sasintha komwe amagona ndi komwe amagwira ntchito. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2013, wotsogozedwa ndi Yves-Alexandre de Montjoye, anaunika mayendedwe a anthu 1.5 miliyoni kuchokera m'kaundula wa kampani ya mafoni momwe mayina anali atachotsedwa, ndipo anapeza kuti kungodziwa malo anayi ndi nthawi zomwe munthu anali kumeneko kunali kokwanira kusiyanitsa anthu 95 pa 100 aliwonse. Ndiye kampani ikakuuzani kuti musadandaule chifukwa yachotsa dzina lanu, dziwani kuti mapazi anu akadali pomwepo. Ngakhale asilikali anagwidwa ndi msampha womwewu: kumayambiriro kwa 2018 zinadziwika kuti mapu a pulogalamu ya othamanga ya Strava ankaonetsa maonekedwe a misasa ya asilikali ku Afghanistan ndi Syria, chifukwa asilikaliwo ankathamanga mozungulira misasayo atavala zida zoyezera ulendo.

Pitani mu Settings, pezani gawo la zilolezo za mapulogalamu, ndipo yambani ndi Location. Pulogalamu iliyonse ifunseni funso limodzi: kodi ingagwire ntchito yake osadziwa komwe ndili? Tochi, masewera ndi pulogalamu yokongoletsa zithunzi zilibe chifukwa chodziwira, choncho zikanizeni. Mapu ndi mapulogalamu oitanira galimoto muwalole pokhapokha pamene mukuwagwiritsa ntchito, osati nthawi zonse. Mukatha apo bwerezani ntchito yomweyo pa maikolofoni, kamera ndi mndandanda wa manambala a anzanu, ndipo pulogalamu yomwe simunaitsegule kwa miyezi itatu ingoichotsani. Mu akaunti yanu ya Google zimitsani Timeline, yomwe imalemba komwe mwayenda, ndi kufufuta mbiri ya malo yomwe inasungidwa kale. Pa Android fufutaninso advertising ID, yomwe ndi nambala imene otsatsa malonda amakuzindikirirani nayo m'mapulogalamu osiyanasiyana, ndipo pa iPhone kanizani mapulogalamu akapempha kukutsatani.

Zithunzi nazonso zimanyamula malo mkati mwake. Mu December 2012 John McAfee, katswiri wa mapulogalamu oteteza makompyuta amene ankathawa apolisi a ku Belize, anadziwika kuti ali ku Guatemala chifukwa chithunzi chomwe atolankhani a magazini ya Vice anaika pa intaneti chinali ndi manambala a malo omwe chinajambulidwira. Mu pulogalamu ya kamera zimitsani gawo lolemba malo pa chithunzi, makamaka ngati mumajambula ana kapena kunyumba kwanu.

Chachisanu, sankhani bwino njira yolankhulirana

SMS ndi foni wamba zimadutsa poyera m'makina a kampani ya mafoni, ndipo malamulo a mayiko ambiri amalola boma kulamula kampaniyo kuti ipereke kaundula wake. Nkhani yachinsinsi isadutse kumeneko. WhatsApp kuyambira mu 2016 imatseka mauthenga m'njira yotchedwa end-to-end encryption, kutanthauza kuti kiyi wotsegulira ali pa foni yanu ndi ya amene mukulankhula naye basi. Komabe kampani ya Meta, mwini wake wa WhatsApp, imaonabe nambala yanu, nthawi yomwe mwalowa, mtundu wa foni yanu ndi magulu omwe mulimo. Pulogalamu ina yotumizirana mauthenga ya Signal imagwiritsa ntchito loko wamtundu womwewo koma imasunga zochepa kwambiri: pamene khothi la ku Virginia linaifunsa mu 2016 za munthu wina, zomwe inatha kupereka ndi tsiku lomwe anatsegula akaunti ndi tsiku lomwe analumikizana komaliza. Telegram ambiri amaiyesa yotetezeka kuposa zonse, koma macheza ake wamba ndi magulu alibe loko ameneyu pokhapokha mutasankha Secret Chat, yomwe ndi ya anthu awiri okha.

Ngati mukhalabe pa WhatsApp, konzani zinthu ziwiri lero lomwe. Kope la mauthenga lomwe limasungidwa ku Google Drive kapena iCloud silitsekedwa ndi loko uja mpaka inuyo mutayatsa end-to-end encrypted backup, ndipo pasiwedi yake muisunge bwino chifukwa ikatayika palibe amene angakubwezereni. Kenako yatsani mauthenga odzifufuta okha, omwe mungawaike pa maola 24, masiku 7 kapena masiku 90. Uthenga womwe kulibe sungalandidwe. Koma musaiwale kuti loko sateteza kwa munthu amene muli naye m'gulu: gulu la anthu mazana awiri ndi bwalo, ndipo mmodzi yekha akajambula galasi la foni yake, mawu anu apita.

Chachisanu ndi chimodzi, mapasiwedi

Pasiwedi imodzi pa maakaunti onse ndi kiyi mmodzi wa zitseko zonse. Yahoo inavomera kuti maakaunti ake onse okwana 3 biliyoni anakhudzidwa ndi kuba kwa mu 2013, ndipo akuba akapeza pasiwedi pamalo amodzi amakaiyesa paliponse. Lembani imelo yanu pa tsamba la Have I Been Pwned kuti muone ngati inapezeka m'zobedwa zodziwika. Yambani kusintha pasiwedi ya imelo, chifukwa amene walanda imelo amatha kusintha mapasiwedi ena onse, ndipo gwiritsani ntchito pulogalamu yosungira mapasiwedi monga Bitwarden kuti akaunti iliyonse ikhale ndi yakeyake. Yatsani chitsimikizo chachiwiri, chomwe chimafuna nambala yotsimikizira kuwonjezera pa pasiwedi, ndipo ngati n'kotheka nambala yotsimikizira izichokera mu pulogalamu monga Google Authenticator osati pa SMS, popeza achinyengo amatha kunamiza kampani ya mafoni kuti isamutsire nambala yanu pa simu yawo. Nambala yotsimikizira yomwe yafika pa foni yanu musauze aliyense, ngakhale uthenga ukuoneka kuti wachokera kwa m'bale wanu.

Chachisanu ndi chiwiri, musadalire zomwe sizikutetezani

Incognito, yomwe imapezeka mu pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti, imangoletsa foni kusunga mbiri ya masamba omwe mwatsegula, koma kampani yopereka intaneti ndi eni masambawo amakuonanibe. VPN imabisa masamba omwe mukuyendera kwa kampani ya intaneti, koma imasamutsira chidziwitso chonsecho kwa mwini VPN, ndipo yaulere yomwe simukudziwa mwini wake ingakhale yoopsa kuposa kukhala opanda. Pulogalamu yoyendera pa intaneti ya Tor ndiyo imabisa bwino komwe mukuchokera, ngakhale imachedwa. M'mayiko ena kugwiritsa ntchito zida zimenezi n'koletsedwa, choncho dziwani lamulo la komwe muli musanaziike.

Chomaliza, pemphani kuona zomwe akusunga

Ndime 12 ya chikalata cha ufulu wa anthu cha United Nations cha 1948 imati munthu asalowereredwe mwachisawawa pa moyo wake wamseri, banja lake, nyumba yake ndi makalata ake. Ufulu umenewu umakhala ndi mano pokhapokha anthu akaugwiritsa ntchito. Mu 2011 Max Schrems, wophunzira zamalamulo wa ku Austria, anapempha Facebook kuti imupatse zonse zomwe ikusunga za iye, ndipo analandira masamba oposa 1,200, momwe munali ngakhale mauthenga omwe iye anali atafufuta. Madandaulo ake anafika mpaka kukhothi lalikulu la European Union, lomwe mu 2015 linathetsa mgwirizano wa Safe Harbour womwe unkalola makampani kusamutsira ku America nkhani za anthu a ku Ulaya.

Inunso mungachite zomwe iye anayamba nazo popanda loya. Google Takeout imakupatsani kope la zomwe Google ikusunga, ndipo Facebook ndi Instagram zili ndi gawo lotsitsira nkhani zanu mu Accounts Center. Mukatsegula kopelo, yang'anani mndandanda wa makampani omwe anatumiza nkhani zanu ku Facebook ndi wa mapulogalamu omwe munawalola kulowa mu akaunti yanu. Khomo la mapulogalamuli ndi lomwe Cambridge Analytica, kampani yomwe inkathandiza andale pa kampeni, inadzera: anthu pafupifupi 270,000 anayankha mafunso pa kapulogalamu kooneka ngati masewera, ndipo mu 2018 Facebook inavomera kuti nkhani za anthu okwana mpaka 87 miliyoni, ambiri mwa iwo anzawo chabe a oyankhawo, zikhoza kuti zinatengedwa. Pulogalamu iliyonse pa mndandandawo yomwe simukuikumbukira ichotseni nthawi yomweyo, ndipo lembani pa kalendala tsiku lodzabwereranso kumeneko pakatha miyezi isanu ndi umodzi, chifukwa mndandandawo umadzadzanso pang'onopang'ono nthawi iliyonse mukalowa pa tsamba latsopano pogwiritsa ntchito akaunti ya Facebook kapena Google.